Bala Limapola Msanga, Dzanja Limachira Mochedwa

 

Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya manja. Ambiri a inu munachoka ku Mangochi, ku Mzimba, ku Chipata, ku Tete kapena ku Harare, ndipo powoloka pa Beitbridge simunanyamule munda kapena ng'ombe. Chuma chimene munabwera nacho kuno ku South Africa ndi manja awiri. Manjawo ndiwo amalipira lendi, amatumiza fizi ya ana kumudzi, amagula feteleza wa makolo. N'chifukwa chake ndasankha kukamba za nthenda imodzi ya dzanja, imene achipatala amaitcha carpal tunnel syndrome, makamaka za masabata amene amatsatira opaleshoni yake. Mfundo yanga ndi imodzi: opaleshoniyi imatenga mphindi zochepa, bala lake limapola m'masabata awiri, koma dzanja limafuna miyezi kuti libwerere mwakale. Pakati pa kupola kwa bala ndi kuchira kwa dzanja ndi pamene wantchito angataye ntchito yake, kapena mphamvu za dzanja lake, kapena zonse ziwiri. Nthawi imeneyo iyenera kukonzekeredwa munthu asanalowe m'chipinda cha opaleshoni.

Tiyambe ndi nthendayo. Pamfundo ya dzanja, pamene timamangapo wotchi, pali kampata kopapatiza. Pansi pake ndi m'mbali mwake muli timafupa, pamwamba pake papingasa kachingwe kolimba kokhala ngati denga. M'kampatamo mumadutsa tizingwe 9 tokoka zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi wofewa umene umatumiza uthenga pakati pa zala ndi ubongo. Mkatimo mukatupa, malo amachepa, mtsempha wofewa uja n'kupanikizika. Apo ndi pamene mumayamba kumva dzanzi ndi kulasalasa m'chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Kachala kakang'ono kakumapeto nthawi zambiri sikakhudzidwa, chifukwa kali ndi mtsempha wina. Ululu umakula usiku, munthu n'kumadzuka kuti akutumule dzanja. Pakapita nthawi makapu amayamba kupulumuka m'manja, mabatani amavuta kumanga, ndipo mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umaphwa.

Zoyambitsa zake n'zingapo. Matenda a shuga, nyamakazi, vuto la chithokomiro, kunenepa kwambiri ndi pathupi, zonsezi zimawonjezera chiopsezo. Ntchito nayonso ili ndi gawo lake. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linaika nthendayi pamndandanda wake wa matenda obwera chifukwa cha ntchito m'chaka cha 2010, ndipo linatchula ntchito yobwerezabwereza yofuna mphamvu, zipangizo zonjenjemera, ndi kupinda dzanja kwambiri kwa nthawi yaitali. Inu mukuzidziwa ntchito zimenezi kuposa ine: kufinya zovala ndi mopu, kukwecha matailosi, kusita mulu wa malaya, kutengulira mphesa ndi sizasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo m'nyengo yozizira ku Western Cape, kuthyola malalanje ku Limpopo, kulongedza zipatso m'makatoni, kugwira makina otchetchera udzu.

Si aliyense amene amafunika opaleshoni. Nthenda ikadziwika msanga, dokotala angakupatseni chomangira dzanja cholimba chovala usiku, kapena jakisoni wochepetsa kutupa. Koma dzanzi likakhala losatha, kapena mnofu ukayamba kuphwa, opaleshoni ndiyo imapulumutsa mtsempha. Dokotala amadula kachingwe ka denga kaja kuti mkati mutakasuke. Kawirikawiri amangobaya jakisoni wochititsa dzanzi padzanja pokha, munthu ali maso, ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Anthu ambiri amathandizika ndithu, ndipo ululu wa usiku umatha m'masiku oyambirira omwe. Musaiope. Choopsa n'kuchedwa, pakuti mtsempha umene wapanikizika zaka zambiri umachira pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina suchira wonse.

Tsopano tione mmene kuchira kumayendera, chifukwa apa ndi pamene abwana ambiri, ngakhale a mtima wabwino, amasokonezeka.

M'masabata awiri oyamba dzanja limakhala m'bandeji. Liikeni m'mwamba, kuposa pamene pali mtima, ngakhale pogona, kuti kutupa kuchepe. Gwedezani zala pafupipafupi, kuzipinda ndi kuzitambasula, kuti zisaume. Bala lisanyowe: posamba valani pepala la pulasitiki, ndipo madzi ochapira, mankhwala otsukira m'bafa, dothi ndi manyowa zikhale kutali. Ulusi amachotsa pakapita masiku 10 mpaka 14. Mukaona bala likufiira mopitirira, likutentha, likutuluka mafinya, kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Wodwala shuga asamale kwambiri mankhwala ake, ndipo wosuta fodya adziwe kuti fodya amachedwetsa kupola kwa bala.

Ulusi ukachoka, khungu limaoneka ngati latseka, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Abwana amaona kachipsera kakang'ono n'kunena kuti mwachira. Inunso mumaona chimodzimodzi, mukakumbukira lendi n'kuvomera. Komatu mkatimo kachingwe kodulidwa kaja kadakali kupola. M'mbali mwa chipsera, pachikhatho, mumapweteka mukatsamira dzanja kapena mukagwira chinthu mwamphamvu, ndipo ululu umenewu ungakhalepo kwa miyezi ingapo. Munthu wa mu ofesi angabwerere kuntchito pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Wonyamula ndowa, wofinya zovala ndi wogwira sizasi amafunika masabata 6 kapena kuposa, ndipo ena amafika masabata 12. Mphamvu zofumbata zimabwerera pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Mukalikakamiza dzanja nthawi isanakwane, limatupa, ululu umakhalitsa, ndipo masiku amene munkafuna kupulumutsa mumawataya kawiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho mukakumana ndi dokotala, musangonena kuti mumagwira ntchito ya m'nyumba kapena ya pafamu. Mufotokozereni zimene dzanja limachita pa tsiku: maola angati mukusita, ndowa zingati, makireti olemera bwanji, kudula kangati. Dokotala amalemba masiku opuma molingana ndi zimene wamva. Akaganiza kuti ntchito yanu ndi yopepuka, adzalemba masabata awiri, ndipo pepala limenelo ndi limene abwana adzagwiritse. Pemphani kuti kalatayo itchule tsiku loyambira ntchito zopepuka ndi tsiku loyambira ntchito zonse, ndiponso zimene simuyenera kuchita pakatipo. Pemphaninso kuonana ndi a mafizo kapena ophunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka dzanja, amene amapezeka m'zipatala zambiri za boma. Ngati manja onse awiri akudwala, kambiranani zoyamba ndi limodzi, kuti linalo likuthandizeni kusamba ndi kudya.

Funso limene lili mumtima mwa aliyense ndikulidziwa: nanga masabata onsewo ndidzadya chiyani? Pali zitseko zitatu zimene malamulo a dziko lino anatsegula, ndipo ndi bwino kuzidziwa zonse.

Chitseko choyamba ndi tchuthi cha odwala. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati pa zaka zitatu zilizonse wantchito ali ndi masiku odwala olipidwa ofanana ndi amene amagwira m'masabata 6. Wogwira masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 30. Wogwira masiku 6 ali ndi 36. Koma m'miyezi 6 yoyamba pantchito, mumapeza tsiku limodzi lokha pa masiku 26 aliwonse amene mwagwira. Tiwerengere limodzi. Mayi amene wakhala panyumba imodzi zaka ziwiri osadwala ali ndi masabata 6 athunthu, okwanira gawo lalikulu la kuchira kwake. Bambo amene walembedwa pafamu miyezi inayi yapitayo kuti athandize kukolola ali ndi masiku atatu okha. Amene mumagwira m'nyumba zingapo, tsiku lino uku, mawa uko, dziwani kuti bwana aliyense amene mumamugwirira maola 24 kapena kuposa pamwezi ali ndi udindo wake payekha. Mukajomba masiku oposa awiri otsatizana, abwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya dokotala, choncho musatuluke m'chipatala opanda kalatayo.

Chitseko chachiwiri ndi chipukutamisozi cha ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito, pansi pa lamulo la 1993 lotchedwa COIDA. Antchito a m'mafamu akhala ali m'lamuloli kuyambira kale. Antchito a m'nyumba anali atasiyidwa kunja mpaka pa 19 Novembala 2020, pamene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mlandu wa Mahlangu. Mayi Maria Mahlangu anamira m'damu losambira la abwana awo m'chaka cha 2012, ndipo mwana wawo Sylvia, pamodzi ndi bungwe la antchito a m'nyumba la SADSAWU, anamenyera nkhaniyi mpaka kumapeto. Khoti linati kusiya antchito a m'nyumba kunja n'kuphwanya malamulo a dziko, ndipo chigamulocho chinabwerera m'mbuyo kufika pa 27 Epulo 1994.

Thumba la chipukutamisozi limavomereza matenda a manja ndi mikono obwera chifukwa cha ntchito yobwerezabwereza, ndipo carpal tunnel ili m'gulu limenelo. Chofunika n'chakuti dokotala alembe kuti ntchito yanu ndiyo yayambitsa kapena yakulitsa nthendayo. Dandaulo likavomerezedwa, thumba limalipira ndalama za kuchipatala, ndipo pa nthawi imene simungathe kugwira ntchito mumalandira magawo 75 pa 100 alionse a malipiro anu. Tiyerekeze kuti mumalandira R5,000 pamwezi: ndiye kuti muzilandira R3,750. Kwa miyezi itatu yoyamba, abwana ndiwo ayenera kukupatsani ndalamazo, iwo n'kukaitanitsa kuthumba. Masiku amenewa sachotsedwa pa tchuthi chanu cha odwala. Abwana ayenera kupereka lipoti pa fomu ya W.Cl.1 pasanathe masiku 14 chidziwire za nthendayo, ndipo inu muli ndi fomu yanu, W.Cl.14. Akakana, kapena zikapezeka kuti sanalembetse kuthumba, ufulu wanu sufa: pitani nokha ku Labour Centre imene muli nayo pafupi. Musachedwe kupereka dandaulo lanu dokotala akangopeza nthendayo. Ndipo palibe bwana amene amaloledwa kudula malipiro anu kuti alipirire thumba limeneli.

Chitseko chachitatu ndi UIF. Antchito a m'nyumba analowa mu UIF m'chaka cha 2003. Mwezi uliwonse inu mumapereka 1 pa 100 alionse a malipiro anu, abwana n'kuwonjezera chimodzimodzi. Anthu ambiri amadziwa kuti UIF imathandiza ntchito ikatha, koma ilinso ndi thandizo la odwala, kwa munthu amene walephera kugwira ntchito masiku oposa 7 ndipo sakulandira malipiro ake onse. Pempho liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 6.  Langizo langa n'lakuti mupite ku Labour Centre tsopano, mudakali bwino, mukafunse ngati dzina lanu lilimo. Kuona kuti adula ndalama pakapepala ka malipiro sikutanthauza kuti ndalamazo zinafika.

Nanga abwana akati sangadikire, apeza wina? Lamulo la Labour Relations Act la 1995 sililola kuchotsa munthu wodwala mwachisawawa. Bwana ayenera kufufuza kuti kudwalako kutenga nthawi yaitali bwanji, kumva mbali yanu, ndi kuona ngati pali njira ina, monga ntchito yopepuka kapena wogwirizira kwa kanthawi. Udindowo umakula ngati nthendayo yabwera chifukwa cha ntchito. Mukachotsedwa, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, pa fomu ya 7.11, ndipo simulipira kanthu. Amene mapepala anu okhalira m'dziko muno ali ndi vuto, mverani izi: m'chaka cha 2008, pamlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ingamve dandaulo lake. Sindikunena kuti njirayo ndi yosalala, kapena kuti mantha anu ndi opanda pake. Pitani ndi munthu wa bungwe la antchito kapena wa ofesi yopereka uphungu wa malamulo. Inu okhala m'nyumba za pafamu, lamulo la ESTA la 1997 limati munthu amene lamuloli limamuteteza sangatulutsidwe m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ngakhale ntchito itatha. Mawu a kapitawo si chigamulo cha khoti.

Zitseko zonsezi zimatsegulidwa ndi kiyi mmodzi, ndiye pepala. Ambiri a ife tili ndi agogo kapena amalume amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela ndi ku Theba, nabwerera ndi chifuwa. Pamene makampani a golide anavomera kulipira R5 biliyoni, pamgwirizano umene khoti linavomereza mu 2019, chinthu choyamba chimene aliyense anafunsidwa ndi umboni wakuti anagwiradi ntchito kumgodi. Phunziro lake ndi lathu lero. Sungani kalata yolembedwera ntchito, timapepala ta malipiro, khadi la kuchipatala, zotsatira za kupima mtsempha ndi kalata iliyonse ya dokotala. Zijambuleni pafoni, mutumizirenso m'bale amene mumamukhulupirira. Ngati mulibe kalata ya ntchito, uthenga wa kubanki wosonyeza malipiro ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi umboni ndithu.

Ndiloleni ndinene za masabata a opaleshoni isanachitike, popeza m'zipatala za boma munthu amadikira, ndipo kudikirako kungakhale mwayi wokonzekera. Mukangodziwa tsiku, auzeni abwana pakamwa mwaulemu, kenako mutumize uthenga wolembedwa wotchula tsiku la opaleshoni, masabata amene dokotala wanena ndi tsiku lobwerera. Funsani kuchipatala ngati pali ndalama zolipira, kuti zisakudzidzimutseni. Ngati dokotala akuti nthenda yanu ingadikire pang'ono, onani kalendala ya ntchito: wa m'minda ya mphesa ku De Doorns amadziwa miyezi yokolola ndi yotengulira, wa malalanje amadziwa kuti ntchito imachuluka m'nyengo yozizira. Koma mnofu ukayamba kuphwa, musadikire kuti nyengo ithe. Zipatso zidzabalanso chaka chamawa.

Pali chizolowezi pakati pathu chotumiza mchemwali kapena mnzathu kuti akagwirizire malo. N'chizolowezi chabwino, koma chadanitsapo abale. Gwirizanani atatu nonse, inu, wogwirizira ndi abwana, ndipo zilembedwe kuti malowo ndi anu, wogwirizirayo alipidwa zingati, ndani amulipira, ndipo achoka liti. Musasayine pepala losiya ntchito pokhulupirira lonjezo lakuti adzakutenganinso mukachira. Wosiya ntchito mwakufuna kwake amavutika kudandaula ku CCMA, ndipo UIF ya otha ntchito kawirikawiri samulipira. Pepala lililonse limene simukulimvetsa, pemphani kupita nalo kunyumba kuti wina akuwerengereni.

Ena mudzafuna kukachirira kumudzi, kumene kuli wokuphikirani ndi wokutungirani madzi. Maganizowo ndi omveka. Koma musanakwere basi, ulusi uchoke, mafomu aperekedwe, nambala ya dandaulo lanu muilembe, akaunti ya kubanki ikhale yotsegula, ndipo tsiku lokaonananso ndi dokotala mulidziwe. Masiku 30 a CCMA saima chifukwa chakuti muli paulendo. Ndipo kumudziko musalole kuti dzanja lothawa mopu likagwire khasu kapena munsi.

Tsiku lobwerera kuntchito likafika, yambani pang'ono. Wa m'nyumba angathe kupukuta fumbi, kupinda zovala, kuyang'anira ana okulirapo ndi kuphika zopepuka, asanayambe kufinya, kukwecha ndi kunyamula mwana wakhanda kapena nkhalamba. Wa pafamu angapemphe kusankha zipatso, kuwerenga makireti kapena kuthirira, asanagwire sizasi ndi kukwera makwerero. Pumitsani dzanja kwa mphindi zochepa pafupipafupi, sinthanitsani ntchito, ndipo chipsera muzichisisita ndi mafuta odzola bala likatsekeratu. Pemphani zipangizo zosavutitsa dzanja: ndowa yokhala ndi chofinyira mopu, sizasi yakuthwa ndi yofanana ndi kukula kwa dzanja lanu, magolovesi m'nyengo yozizira. Zinthu zimenezi n'zotchipa poyerekeza ndi mwezi umodzi wa munthu wosagwira ntchito, ndipo mungawauze abwana motero. Dzanzi likabwerera kapena ululu ukamakula m'malo mochepa, bwererani kwa dokotala, musangowonjezera mapiritsi.

Abale athu amene mukugwira ntchito ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Mozambique kapena ku Botswana, masiku ndi mafomu amene ndatchula ndi a ku South Africa. Maiko enawa ali ndi malamulo awoawo, monga NSSA ku Zimbabwe ndi Workers' Compensation Fund Control Board ku Zambia. Koma dzanja limachira mofanana kulikonse, ndipo kalata ya dokotala yofotokoza bwino ntchito yanu ndi yamphamvu kulikonse.

Mawu omaliza ndi a ife tonse monga gulu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Munthu wa dzanja limodzi amavutika kuchapa, kusenda mbatata, kumanga mwana kumbuyo, ngakhale kutsegula botolo la mankhwala. Wokhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana amavutika koposa, chifukwa ntchito imamuyang'ana pakhomo, ndipo n'kovuta kukana akamupempha kuti angotsukako mbale zochepa. M'magulu athu a chipereganyu, m'mipingo ndi m'mizikiti, timasonkha msanga pakagwa maliro. Tiphunzirenso kusonkherana munthu akadali moyo: wina amuphikire, wina amuperekeze ku Labour Centre, ndipo gulu livomere kuti alandire ndalama za chipereganyu mwezi wa opaleshoni yake.

Ngati pali wina pano amene amadzuka usiku kukutumula dzanja, apite kukiliniki sabata ino, akafotokoze ntchito yake yonse, ndipo akatenge pepala.